Laputopu ikuyenda ngati kamba? Umu ndi mmene mungaikire Windows watsopano osataya mafayilo anu

Sabata siitha kuno ku Kamuzu Road ku Salima, kumene ndimakonza makompyuta, osabwera munthu atanyamula laputopu m'chikwama n'kunena kuti achimwene iyi yatopa, ingoifomatani basi. Ena amachokera ku Senga Bay, ena ku Chipoka, ena mpaka ku Thavite, kabaza ndi minibasi ndalama zambiri zathera panjira, pomwe ntchito yake munthu atha kuigwira yekha pakhomo bola akhale ndi flash, bandulo yokwanira ndi mtima wodekha. Nde ndati ndilembe mmene ine ndimachitira, mwina wina zimuthandiza.

Koma ndiyambe ndi nkhani imene imandiwawa mpaka lero. Chaka chatha kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa ku pulayimale cha ku Khombedza, maso ali psuu. Anapereka laputopu kwa mnyamata wina kuti ayione poti imachedwa, mnyamata uja anangofufuta zonse osafunsa kanthu. Ma scheme a zaka zingapo, mayeso amene ankataipa okha usiku, zithunzi za chinkhoswe cha mwana wawo, zithunzi za malemu amuna awo, zonse zinapita. Tinayesa kubweza koma tinangopeza zochepa kwambiri chifukwa Windows watsopano anali atalemba kale pamwamba pake. Laputopuyo inali ikuthamanga bwino ndithu, koma mayi aja anatuluka akulira. Chonde zonse ndilembe m'munsimu muziwerenge muli ndi mayi amenewa m'maganizo.

Musanafomate, kutanthauza kufufuta disiki n'kuikamo Windows watsopano, onani kaye ngati vuto lilidi Windows. Anthu ambiri amadumpha apa. Yatsani kompyuta, idikireni mphindi zisanu ikhazikike, kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, ikutsegukirani Task Manager. Pitani pa Performance. Pali zinthu zitatu zoti muone, CPU, Memory ndi Disk. Ngati Disk ili pa 100% nthawi zonse olo simunatsegule kanthu ndipo yalembedwa HDD, vuto lalikulu ndi hadi disiki yakaleyo, ija yozungulira mkati ngati CD. Kufomata kuithandiza pang'ono, miyezi iwiri itatu, kenako mubwerera pomwe munali. Mankhwala ake ndi SSD, disiki yamakono yopanda chozungulira mkati, ndipo ndikunenetsa, palibe chinthu chimene chimasintha laputopu yakale kuposa SSD, olo ya 256GB yomwe. Makina amene ankatenga mphindi zitatu kuti ayake amayamba kuyaka musanamalize n'komwe kukhala pampando. Ngati ndalama ilipo gulani SSD kaye nde muike Windows watsopanoyo pamenepo, hadi disiki yakale muyisunge ndi mafayilo anu onse ali momwemo, mwapulumutsa zonse ziwiri.

Memory ikamakhala pa 90% mutangotsegula Chrome ndi Word, ndiye kuti RAM, malo amene kompyuta imagwiriramo ntchito zimene mwatsegula, ndi yochepa. 4GB masiku ano ndi yongopirira nayo, 8GB nde munthu umapuma.

China chimene anthu a kuno kunyanja timaiwala ndi kutentha. Mu October ndi November Salima amawotcha mmene mukudziwiramu, ndiye laputopu ili pa matiresi, fani yadzaza fumbi la mumsewu, ina ndinatsegula ndinapezamo mphemvu zitamanga mudzi. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, inu nkumaona ngati ndi vayirasi. Gwirani pansi pa laputopu, ngati pakuwotcha ndipo fani ikulira koma mpweya sukutuluka m'mbalimu, imeneyo ikufunika kutsegula n'kupukuta, osati kufomata. Ndipo ngati hadi disiki ikumveka kuti tiki tiki mkati, siyani zonse kopani mafayilo anu lero lomwe. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo, kakalemba Good zili bwino, kakalemba Caution kapena Bad disikiyo ili panjira, musataye nthawi kuikapo Windows.

Kufomata kumagwira ntchito pamene Windows wakalamba ndi zinyalala, mapulogalamu mwaika ndi kuchotsa kwa zaka, ma antivayirasi awiri akulimbana okhaokha, zotsatsa malonda zikungotulukira pa sikirini, ma flash a anthu onse a mu ofesi alowamo, makina akungohang'a popanda chifukwa. Pamenepo inde, tiyeni nazo.

Kusunga mafayilo

Apa nde pagona nkhani yonse, tengani tsiku lathunthu ngati kuli kofunika. Pezani external hard drive kapena flash yaikulu, ikhale ina osati flash imene muikepo Windows chifukwa iyo ifufutika. Tsegulani This PC, lowani mu C, chigawo cha disiki chimene muli Windows, pitani mu Users, lowani mu foda ya dzina lanu. Kopani Desktop, Documents, Downloads, Pictures, Videos ndi Music. Downloads anthu amaiwala kwambiri pomwe ndi momwe mumakhala ma CV, ma satifiketi osikana ndi makalata a ntchito. Ngati laputopu mumagwiritsa ntchito awiri kapena atatu pabanja, aliyense ali ndi foda yake mu Users momwemo, mufunseni asananyamuke kupita kumunda kapena kunyanja. Onaninso pa C penipeni, ena amapanga foda pomwepo nkuitcha New folder, mkati muli maakaunti a bizinesi ya mpunga a chaka chonse. Mu Recycle Bin namonso suzumiranimo, ndawaonapo anthu osunga zinthu mmenemo.

Mukamaliza kukopa musangokhulupirira. Tsegulani mafayilo angapo kuchokera pa external paja muone ngati akutsegukadi, yerekezani kukula kwa foda ya uku ndi ya uko. Zimene simungathe kuzipezanso kwina, zithunzi za maliro, za ukwati, thesis, muziike malo awiri, Google Drive amapereka 15GB yaulere pa akaunti iliyonse ya Gmail.

Ndiye pali zinthu zosaoneka ngati mafayilo koma zikatayika mutu umawawa. Mapasiwedi amene Chrome wakhala akukusungirani, ambiri a ife pasiwedi ya Facebook ndi Gmail tinaiwala kalekale timangolowa. Lowani mu Chrome ndi akaunti yanu ya Google muyatse sync, kapena muwalembe mu kope. Onetsetsani kuti nambala ya foni imene ili pa Gmail yanu ikugwirabe ntchito, poti akutumizirani kodi pa nambala imeneyo polowanso. Amene mumagwiritsa Outlook mu ofesi funani fayilo yothera ndi .pst. Amene muli ndi pulogalamu ya maakaunti kapena ya sukulu yosungira magiredi, pangani backup kuchokera mkati mwa pulogalamuyo, kukopa chizindikiro cha pa Desktop sikusunga kanthu. Ndipo ngati pa C kapena D, chigawo china cha disiki, pali kachizindikiro ka loko, imeneyo ndi BitLocker yokhoma mafayilo, pezani recovery key yake ya manambala 48 musanapitilire, kawirikawiri imakhala mu akaunti yanu ya Microsoft.

Kachinthu kena kamene kamandipulumutsa nthawi zambiri ndi kusunga ma driver, timapulogalamu timene timathandiza Windows kugwiritsa ntchito zida za mu kompyuta. Pangani foda pa external yotchedwa drivers, tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe kuti dism /online /export-driver /destination:E:\drivers kungoti pa E muike chilembo cha external yanuyo. Ikukoperani ma driver onse a WiFi, sound, purinta ndi zina. Pambuyo pake mudzandithokoza WiFi ikadzakana.

Chomaliza musanazimitse, lembani papepala zinthu zitatu. Pitani ku Settings pa Activation muone ngati Windows wanu ndi Home kapena Pro ndiponso ngati ali activated. Dinani batani la Windows ndi R mulembe msinfo32, muone pa BIOS Mode ngati palembedwa UEFI kapena Legacy. Kenako tsegulani This PC mulembe kukula kwa C ndi kwa D mu ma GB, chifukwa kutsogoloku zilembo zimenezi simuzionanso, muzidzazindikira ndi kukula kwake basi.

Windows uti?

Microsoft inathetsa thandizo lake lanthawi zonse la Windows 10 pa 14 October 2025, Windows 7 nde inasiyidwa kalekale mu January 2020 ndipo Chrome watsopano salowanso mmenemo. Choncho ngati makina anu akukwanitsa, ikani Windows 11. Amafuna RAM yosachepera 4GB, malo 64GB, kachipangizo kachitetezo ka mkati kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya 8th gen kupita mtsogolo. Kudziwa kwake nkosavuta, onani nambala yotsatira i5 kapena i7, i5-8250U ndi 8th gen ilowa, i5-6200U ndi 6th gen siili pa mndandanda. Ma laputopu ambiri a kaunjika amene timagula ku Lilongwe, ma HP EliteBook 840 G3 aja, ndi a 6th gen.

Kwa amenewo pali njira yodumphira malamulowa, tiiona pokonza flash, ndipo imagwira, koma Microsoft sikulonjeza kuti ma update azibwerabe, nde muchite mukudziwa. Ine maganizo anga, ngati makina ali ndi SSD ndi 8GB mutha kuyesa Windows 11. Ngati ndi akale zedi a 4GB ndipo ntchito yanu ndi kutaipa, intaneti ndi kuonera mafilimu, ganizirani Linux Mint ya Xfce, ndi yaulere, ndi yopepuka, imabwera ndi Firefox ndi LibreOffice kale ndipo mavayirasi a pa flash aja sagwira mmenemo. Kungoti fufuzani kaye ngati purinta yanu ndi mapulogalamu a kuntchito angagwire.

Musanavutike ndi flash dziwaninso kuti Windows ali ndi njira yake yachidule, Reset this PC, ili mu Settings pa Recovery. Mukasankha Keep my files imachotsa mapulogalamu nkusiya mafayilo. Ndi yabwino kwa munthu amene akuopa, koma pa hadi disiki yakale imatha kutenga maola ambiri, nthawi zina nkukanika pakati. Pamene pali vayirasi ine sindiyikhulupirira, ndimakonda kuyambira pansi.

Kukonza flash

Mufunika flash ya 8GB kapena kuposa, yopanda kanthu. Windows mumutenge pa webusayiti ya Microsoft yeniyeni basi, osati ma Windows osinthidwa aja oti lite kapena super fast amene amayenda m'ma flash a anthu, simudziwa chimene anaikamo. Fayilo yake, imene imatchedwa ISO, ndi yaikulu, ma GB asanu kapena kuposa, nde pa bandulo ya foni muwerengere bwino, ndipo mukhale pamalo pamene netiweki ili yokhazikika, ikaduka pakati zimawawa. Ngati mnzanu ali nayo ISO yochokera ku Microsoft kopani kwa iye musunge ndalama.

Njira ndi ziwiri. Media Creation Tool ya Microsoft imadawuniloda ndi kukonza flash yokha, inu kwanu nkudina Next. Kapena mutenge ISO ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa Rufus, ine ndimakonda iyi chifukwa ISO imatsala, mawa mudzathandiza nayo wina osagulanso bandulo. Mu Rufus sankhani flash yanu pa Device, muyang'ane kawiri kuti si external ya mafayilo ija, bwinonso muyizule kaye. Dinani Select musankhe ISO. Pa Partition scheme, ngati pepala lanu lija mwalemba UEFI sankhani GPT, ngati Legacy sankhani MBR. Mukadina Start Rufus akufunsani zingapo, pali bokosi lochotsa lamulo la TPM kwa a makina akale aja, palinso lochotsa zokakamiza kulowa ndi akaunti ya Microsoft pa intaneti, limeneli kuno kwathu limathandiza. Dikirani mpaka ilembe Ready.

Ntchito yeniyeni

Za magetsi mukudziwa nokha. Batire ikhale yodzaza ndipo chaja ikhale pa khoma. Ngati batire inafa kale ndipo laputopu imazima mukangozula chaja, kapena ndi desikitopu yopanda UPS, batire yoisunga magetsi akathima, pitani kwa mnzanu wa sola kapena musankhe nthawi imene kwanuko magetsi sakonda kuthima. Akathima pakati si kuti makina afa ayi, mungoyambiranso, koma ndi nthawi yotayika.

Zulani external ndi china chilichonse, itsale flash ya Windows yokha. Zimitsani, yatsani, nthawi yomweyo muyambe kudina batani la boot menu mobwerezabwereza. Pa HP ndi F9, kapena Esc kaye kenako F9. Pa Dell ndi F12. Lenovo ndi F12, zina zimafuna Fn pamodzi, zina zili ndi kabowo kakang'ono m'mbali kobaya ndi pini. Acer ndi Toshiba F12, Asus Esc. Mukachedwa Windows wakale angolowa, palibe chalakwika, zimitsani muyesenso. Pa mndandanda umene utuluke sankhani dzina la flash yanu, likaoneka kawiri tengani limene layamba ndi UEFI ngati munasankha GPT.

Sankhani chilankhulo, Next, Install now kapena Install Windows 11. Ikakufunsani product key dinani I don't have a product key. Musaope apa, ngati Windows wanu anali activated mwalamulo layisensi yake inamangiriridwa ku makinawo, mukadzangolumikiza intaneti idzabwerera yokha, bola musankhe mtundu womwewo, anali Home ikani Home, anali Pro ikani Pro. Ma laputopu ena safunsa n'komwe poti key ili kale mkati mwa bodi. Vomerezani malamulo, kenako ikakufunsani sankhani Custom, osati Upgrade.

Tsopano apa chotsani dzanja pa mausi kaye. Mwafika pamene mayi a ku Khombedza aja anapwetekedwera. Muona mndandanda wa zigawo za disiki, ma partition, Drive 0 (kapena Disk 0) Partition 1, Partition 2, Partition 3 chonchi. Ting'onoting'ono ta ma MB ochepa, System, MSR ndi Recovery, ndi ta Windows mwini. Zikuluzikuluzo ndi C ndi D wanu, koma zilembo palibe, nde tengani pepala lija muyerekeze kukula. Ngati pa D pali zinthu zimene mukufuna zitsale, sankhani ya kukula kwa C yokha, dinani Format, kenako Next, D musamukhudze olo pang'ono. Ngati zonse munakopa ndipo mwatsimikiza, kapena ndi SSD yatsopano, fufutani ma partition onse a Drive 0 mpaka patsale mzere umodzi wolembedwa Unallocated Space, nkudina Next, Windows adzigawira yekha. Mukaona Drive 1 imeneyo ndi disiki ina, isiyeni. Ndipo mukakayika pang'ono pokha, tsekani, zulani flash, bwererani mu Windows wakale mukaonenso. Musanadine Format kapena Delete palibe chimene chasintha.

Pali zovuta ziwiri zimene zimakonda kutuluka apa. Ikalemba kuti Windows sangalowe pa disikiyi chifukwa ndi ya GPT kapena ya MBR, ndiye kuti flash munaikonza mosiyana ndi disiki, bwererani ku Rufus musinthe Partition scheme, kapena ngati zonse munasunga fufutani ma partition onse vutolo limatha lokha. Ikapanda kuonetsa disiki iliyonse, zimachitika pa ma laputopu atsopano a Intel 11th gen kupita mtsogolo, imafuna driver ya Intel Rapid Storage Technology, muitenge pa webusayiti ya kampani ya laputopu yanu, muike pa flash nkudina Load driver.

Kuchoka apo ndi kudikira. Pa SSD mphindi 15 kapena 20, pa hadi disiki yakale mwina ola. Iziyambiranso yokha kangapo, musadine kanthu, ikalemba kuti press any key musiyeni. Mukaona yabwereranso pa tsamba loyamba la Install now, zulani flash muyatsenso ipitiliza. Ikafunsa dziko Malawi alipo pa mndandanda, ikani dzina ndi pasiwedi yoti muikumbukira, mafunso a location ndi zotsatsa aja mutha kuwakana onse.

Windows atalowa

Choyamba WiFi. Ikakana, lumikizani external, dinani kumanja pa Start mutsegule Device Manager, chilichonse chili ndi kachizindikiro kachikasu dinani kumanja, Update driver, Browse my computer, mulozere foda ya drivers ija. Ngati simunasunge, lumikizani foni ndi kebulo muyatse USB tethering, imagwira popanda driver yapadera nthawi zambiri.

Mukangolumikiza hotspot ya foni thamangirani ku Settings, Network, pa dzina la WiFi yanuyo muyatse Metered connection, apo bii Windows Update imeza bandulo yonse muli pompo. Ma update ndi ofunika ndithu, musawasiye, koma muwachite tsiku limene muli ndi data yambiri, ndipo tsiku loyambalo makina akamaoneka olemera musadandaule, akumaliza zimenezo. Onaninso nthawi, kwathu kuno ndi UTC+02:00, wotchi ikalakwika mawebusayiti ena amakana kutseguka.

Antivayirasi musaike ina. Windows Security imene yabwera kale mkatimo ndi yokwana ikamalandira ma update, mukaonjezera ina yaulere ndi inanso mwabwezeretsa kulemera kumene mumathawa. Mapulogalamu oti amatsuka ndi kuthamangitsa kompyuta nawonso asiyeni. Ikani zimene mumagwiritsadi ntchito, browser imodzi, VLC, chowerengera PDF, Office ngati muli ndi layisensi, ngati mulibe LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Ma crack ndi ma activator obera layisensi aja amene amati zimitsani kaye antivayirasi, makina ambiri amene ndimafomata matenda ake analowera pamenepo. Mukamaliza tsegulaninso Task Manager pa Startup muzimitse zonse zosafunika kuyaka pamodzi ndi kompyuta.

Mafayilo anu abwerere pomaliza. Lumikizani external, musatsegule kaye, dinani kumanja muisikane ndi Windows Security. Mukapeza mafoda anu asanduka ma shortcut okhala ndi kamuvi, musadine, ndi vayirasi ya m'ma flash ija yofala m'malo opulintira, mafayilo enieni yangowabisa. Tsegulani Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndi chilembo cha external yanu, aonekeranso, ma shortcut muwafufute. Kopani zikalata, zithunzi ndi nyimbo, koma ma setup akale othera ndi .exe amene simukudziwa kumene anachokera asabwerere. Zimene zili pa external musazifufute msanga, zikhale mwezi wathunthu, chifukwa fayilo imene munaiwala mumaikumbukira tsiku limene a hedi kapena abwana aifuna.